Pikapu yanga ya Nissan 1400 yotsitsidwa ikugunda kwambiri pa msewu wa Nchalo, ndiyambire pati?

Champ_wa_Nchalo:
Akuluakulu a pagulu pano, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za galimoto zakale. Ndili ndi pikapu ya Nissan 1400 imene ndinaigula itatsitsidwa kale. Kutsogolo mwini wake woyamba anadula masipuling'i ozungulira aja, kumbuyo anaika mabuloko achitsulo a mainchi 3 pakati pa ekiselo ndi malifi (masipuling'i a zitsulo zazitali zosanjikizana), ndipo anachotsa malimu a inchi 12 n'kuika a inchi 15 okhala ndi matayala a 195/45. Maonekedwe ake ndimawakonda, ndipo sindikufuna kuti ibwerere m'mwamba momwe inalili potuluka ku fakitale, koma kayendedwe kake kakundisowetsa mtendere. Pa tala wabwino imayenda mosadandaulitsa, koma ndikangofika pa mahampu kapena pamene tala anakumbika pakati pa Nchalo ndi Ngabu, kutsogolo kumagunda mwamphamvu mpaka dashibodi kunjenjemera, ndipo kumbuyo kumadumpha ngati ngolo yopanda katundu. Mayi akunyumba anena kale kuti kuli bwino akwere kabaza popita kumsika. Wina wandiuza kuti ndikagula mashoko a gasi vuto litha. Kodi zimenezi n'zoona? Ndalama zanga n'zochepa, choncho sindikufuna kugula chinthu chimene sichithandiza.

Sipanala17:
Musagule kaye chilichonse, achimwene. Galimoto yotsitsidwa ikamagunda chotero, kawirikawiri vuto silikhala kufewa kapena kuuma kwa mashoko, koma kuchepa kwa mpata umene tayala limakwerera likaponda chinthu. Opanga galimotoyi anasiya mpata pakati pa ekiselo ndi chesisi, ndiponso m'kati mwa strut (shoko yaikulu yokhala ndi sipuling'i, imene imagwira wilo) kutsogolo, kuti sipuling'i izipanikizika pang'onopang'ono. Pothera pa mpatawo anaikapo kachidutswa ka labala kotchedwa bump stop, kamene kamatchinga kuti chitsulo chisamenye chitsulo chinzake pa dzenje lalikulu. Munthu akatsitsa galimoto ndi mainchi 3 osasintha china chilichonse, mainchi 3 amenewo amachoka pa mpata womwewo, ndipo galimoto imayenda itatsala pang'ono kukhalira labala uja. Kabampu kakang'ono kamakwanira kuti igunde. Ngakhale mutaitanitsa mashoko odula kwambiri kuchokera ku Johannesburg, sangabweretse mpata pamene palibe.

Musanapite ku galaja chitani izi. Imikani galimoto pamalo osalala, mulowe pansi ndi tepi, muyeze kuchokera pamwamba pa ekiselo kufika pa bump stop, kumanja ndi kumanzere. Kutsogolo mangani cable tie (kalamba ka pulasitiki komangira mawaya) pa kachitsulo konyezimira ka strut, muitsitse mpaka ikhudze thupi la strut, kenako muyende ulendo wanu wa masiku onse. Mukabwerako onani pamene yakankhidwira. Ngati yafika kumapeto kwenikweni, ndiye kuti mpata watha. Mubwere ndi manambala amenewo, pamenepo tidzakhala ndi poyambira.

Mlimi_wa_Thonje:
Yankho lake ndi lalifupi, kwezani galimotoyo. Zotsitsa pikapu ndi za anyamata a ku Durban kumene misewu ndi yosalala. Kuno kuchigwa mvula ya usiku umodzi imasandutsa msewu kukhala mtsinje, ndiye munthu n'kutsitsiranji galimoto imene ili kale yaifupi?

Champ_wa_Nchalo:
Bambo, mawu anu ndawamva ndipo sindikuwanyoza. Koma galimotoyi si yakumunda ayi, imayenda kwambiri pa M1 pakati pa Dyeratu ndi Ngabu, ndipo katundu wolemera amene imanyamula ndi matumba awiri kapena atatu a chimanga. Funso langa ndi lakuti ingathe kukhala yotsika koma n'kumayenda mwaulemu?

Agogo_a_404:
Mwana wanga, ingathe, koma pali malire ake. Ine ndinayendetsa Peugeot 404 ya pikapu m'masiku amene mbali zambiri za msewu wopita ku Nsanje zinali za dothi, ndipo anthu ankaitama galimoto imeneyo chifukwa cha kayendedwe kake kofewa. Chinsinsi chake sichinali chodabwitsa: matayala ake anali ndi mbali zazitali, ndipo mawilo ankatha kukwera ndi kutsika mtunda wautali asanagunde kalikonse. N'chifukwa chake ku Kenya anapitiriza kuzilumikiza mpaka 1991, zaka zambiri zitasiya kupangidwa ku France.

Nissan 1400 yanuyo ndi mdzukulu wa Datsun 1200 ya pikapu imene inatuluka mu 1971, ndipo ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, anapitiriza kuipanga mpaka 2008 osasintha zambiri. Ndi galimoto yopepuka imene inapangidwa kuti inyamule pafupifupi theka la tani. Malifi akumbuyo anawalimbitsa poganizira katundu ameneyo, choncho ngakhale yosatsitsidwa imadumphabe ikakhala yopanda kanthu kumbuyo. Ndikunena izi kuti musayembekezere kuti idzayenda mofewa kuposa momwe inkayendera ili yatsopano. Chimene mungathe ndi kuchotsa kugunda kuja, ndipo kugundako n'kumene kumathyola zinthu.

Champ_wa_Nchalo:
Ndayeza monga munanenera, a Sipanala17. Kumbuyo mpata wotsala ndi wosakwana masentimita 2 mbali zonse, ndipo pamwamba pa ekiselo pali malo onyezimira pamene labala amamenya. Kutsogolo cable tie yakankhidwira kumapeto mbali zonse ziwiri, ndipo bump stop ya kumanzere inaphwanyika kale, pangotsala zidutswa. China chimene chandidabwitsa n'chakuti nditakweza galimoto ndi jeke, sipuling'i ya kutsogolo inamasuka moti ndimatha kuizunguza ndi dzanja.

Sipanala17:
Chomalizachi ndicho choopsa kuposa zonse, ndipo ndikupemphani kuti musathamange nayo mpaka chitakonzedwa. Sipuling'i yodulidwa mopitirira muyeso imatha kuchoka pa mpando wake galimoto ikadumpha hampu, ndipo ikabwerera mopingasa imatha kung'amba tayala kapena paipi ya buleki. Taganizani zimenezi zikuchitika pa makona a m'phiri potsikira ku Thabwa kuchokera ku Blantyre.

Anthu ambiri amaganiza kuti kudula sipuling'i kumangoifupikitsa, koma kumaiumitsanso. Sipuling'i yozungulira ndi waya mmodzi wautali amene amapotokola akalemedwa, ndipo waya akafupika savomera kupotokola mosavuta. Ngati panali mizere isanu ndi umodzi yogwira ntchito inu n'kudulapo umodzi, kuuma kwake kumakwera ndi 20 peresenti. Ndiye mwataya kawiri: mpata wachepa, sipuling'i yauma, pomwe shoko yake ndi yomwe ija yopangidwira sipuling'i yofewa ndi yaitali.

Njira yoyenera kutsogolo ili pawiri. Yotsika mtengo ndi kupeza masipuling'i osadulidwa, kapena opangidwira kutsitsa pang'ono amene amakhala olimba pa mpando wake, n'kuvomera kuti galimoto ikwere ndi inchi imodzi kapena inchi ndi theka kuchokera pamene ili lero. Idzaonekabe yotsika, koma idzakhala ndi popumira. Njira yachiwiri, imene okonda ma Datsun 1200 amachita, ndi kufupikitsa thupi la strut n'kuikamo insert (shoko yolowetsa m'kati mwa strut) yaifupi, kuti galimoto itsike koma mpata ubwerere. Imeneyi imafuna mmisiri wodziwa kuwotcherera mowongoka, chifukwa strut ndi imene imagwira wilo.

Wowotcherera_Bereu:
Zonsezo ndi kuwononga ndalama. Bweretsani kuno masipuling'i athunthu, tiwatenthe ndi gasi galimoto itakhala pansi, imatsika yokha mpaka pamene mukufuna, ndipo sipuling'i siimasuka chifukwa sitinadule. Kumbuyo tichotse lifi imodzi kuti kufewe, ndipo chesisi tiidule pang'ono pamwamba pa ekiselo kuti pakhale mpata. Anthu ambiri tawachitira chotero.

Aphunzitsi_a_Sayansi:
Bambo a ku Bereu, ntchito yanu ndimailemekeza, koma pa nkhani yotentha sipuling'i sindikugwirizana nanu ngakhale pang'ono. Chitsulo cha sipuling'i chimatenthedwa ndi kuziziritsidwa ku fakitale mwa ndondomeko yake kuti chizibwerera m'malo chikapanikizidwa. Mukachifiiritsa ndi gasi, malo amene moto wafika amataya mphamvu imeneyo. Mizere yotenthedwayo imagwa n'kukhudzana, motero imasiya kugwira ntchito mofanana ndi mizere yodulidwa, ndipo imapitiriza kutsika pakapita miyezi. Palibe munthu angatenthe mbali ziwiri mofanana ndi maso okha, n'chifukwa chake galimoto zoterezi zimapendekera mbali imodzi. Pamalire a pamene panapsa ndi pamene sipanapse ndi pomwe sipuling'i imadzathyokera.

Wowotcherera_Bereu:
Za m'mabuku ndi zina, za pagalaja ndi zina. Palibe amene anabwerera kudzadandaula.

Sipanala17:
Amene sipuling'i yawathyokera ku Sorgin sabwerera ku Bereu, amakonzetsa komweko. Pa nkhani yodula chesisi, ndivomereze kuti imeneyo ndi njira yodziwika, ndipo amaitcha C-notch, koma pamalo odulidwapo pamayenera kubwezeredwa chitsulo chochindikala ndi kulimbitsidwa mbali zonse. Ndi ntchito ya munthu amene akufuna galimoto yotsika kwambiri yongoonetsera. Kwa achimwene athuwa, amene akufuna kunyamula matumba a chimanga ndiponso kukapimitsa galimoto kuti apeze COF, ndi bwino kuchepetsa mabuloko kusiyana ndi kudula msana wa galimoto. Mabuloko a inchi ndi theka m'malo mwa mainchi 3 abwezera pafupifupi masentimita 4 a mpata, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mashoko.

Mayi_a_Bangula:
Ndilowererepo pa nkhani yochotsa lifi, chifukwa ine ndili ndi 1400 imene ndimanyamulira nsomba zouma ndi mbatata. Yanga sinatsitsidwe mwadala, koma malifi ake anatopa mpaka inatsika yokha, ndipo inkagunda monga mukufotokozeramu. Amisiri atamasula anapeza kuti pakati pa malifi panadzaza dzimbiri ndi matope ouma, moti sankatsetserekanso pa anzawo. Malifi amayenera kukhulana pang'ono akamapindika, ndipo akagwirana onse amakhala chitsulo chimodzi chouma. Anawapala ndi bulashi yawaya, anasintha mabushu a m'maso mwa main leaf (lifi yaitali kuposa onse) ndi a pa shackle (kachitsulo kolumikiza lifiyo ku chesisi), ndipo kayendedwe kanasintha kwambiri popanda kuchotsa lifi iliyonse.

Kuchotsa lifi kumafewetsa ndithu, sindikukana, koma galimoto imatsikanso, ndiye mpata umene mukuulirawo uchepanso. Komanso malifi otsalawo amasenza ntchito yoposa mphamvu yawo, ndipo main leaf ikathyoka ekiselo imasuntha. Ine ndikakhala wopanda katundu ndimasiya thumba la mchenga la makilogalamu 50 pamwamba pa ekiselo, nditalimanga bwino, ndipo kudumpha kumachepa. Koma kwa inu achimwene, thumbalo muliike mpata utabwerera kale, chifukwa pakali pano lingokhazika galimoto pa labala.

Kabaza_Wakale:
Mayi anena zoona. Ndipo pakani girisi wambiri pakati pa malifi, galimoto imafewa tsiku lomwelo.

Mayi_a_Bangula:
Tsiku lomwelo inde, koma pakatha mwezi girisiyo amakhala atameza fumbi ndi mchenga wa kuno, ndipo amayamba kudya chitsulo. Ngati mungapeze timapepala ta pulasitiki tolimba timene amaika kunsonga kwa malifi, n'tabwino kuposa girisi. Apo ayi, malifi oyera ndi ouma amaposa onona odzaza mchenga.

Aphunzitsi_a_Sayansi:
Ndikuona kuti sitinaikepo mtima mokwanira pa matayala, pomwe ndi amene amayamba kukumana ndi msewu. Pa tayala la 195/45, nambala yachiwiriyo ikutanthauza kuti kutalika kwa mbali yake ndi 45 peresenti ya mamilimita 195, amene ndi pafupifupi mamilimita 88. Tayala la 155/80 pa limu ya inchi 12 lili ndi mbali ya mamilimita 124. Kusiyana kwake ndi mamilimita 36 a labala ndi mpweya amene ankameza timiyala ndi m'mphepete mwa maenje sipuling'i isanayambe n'komwe kugwedezeka. Onjezani kuti malimu ambiri otsika mtengo a inchi 15 ndi olemera kuposa achitsulo aang'ono aja, ndipo wilo likalemera pa galimoto yopepuka, limakankha thupi la galimoto mwamphamvu likamenya bampu.

Malangizo anga ndi malimu a inchi 13. Tayala la 175/70 lili ndi mbali ya pafupifupi mamilimita 122, ndipo la 165/70 lili ndi pafupifupi 115. Matayala amenewa ndi otsika mtengo ndipo savuta kupeza poyerekeza ndi 195/45, limene likang'ambika muli ku Tengani mudzagona komweko. La 175/70 ndi lalitali pang'ono, lidzakweza galimoto pafupifupi sentimita imodzi ndi kudzaza bwino mpata wa pa madigadi, koma muonetsetse kuti silikukhula mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto. Onaninso nambala ya katundu yolembedwa pambali pa tayala: 78 ikutanthauza makilogalamu 425 pa tayala limodzi, pamene 82 ikutanthauza 475.

Mpweya muziyeza m'mawa galimoto isanayende. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, mpweya wa m'tayala umakwera ndi pafupifupi psi imodzi ndi theka, ndipo kuno mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, tala n'kukhala wotentha kuposa pamenepo. Komabe musatulutse mpweya tayala lili lotentha, chifukwa likazizira lidzakhala loperewera.

Champ_wa_Nchalo:
Aphunzitsi, nkhani ya malimu yandiwawa pang'ono chifukwa a inchi 15 aja ndiwo amakopa maso, koma masamu anuwo ndi omveka. Nanga mashoko akumbuyo, ndigule aafupi?

Kabaza_Wakale:
Mwatsitsa ndi mainchi 3, ndiye gulani aafupi ndi mainchi 3. Palibe chovuta.

Sipanala17:
Si choncho nthawi zonse. Lowaninso pansi muone pamene shoko yamangidwa kumunsi. Ngati yamangidwa pa puleti imene ili pansi pa malifi, imene ma U-bolt (mabawuti omanga malifi ku ekiselo) amadutsamo, ndiye kuti mabuloko sanasinthe kutalika kwake, chifukwa buloko limakweza ekiselo yokha pamene malifi ndi puleti zimatsala pomwe zinali poyerekeza ndi thupi la galimoto. Ngati yamangidwa pa ekiselo penipeni, pamenepo ndiye yafupikitsidwa. Njira yosanama ndi kumasula shoko, kuyeza kutalika kwake itapanikizidwa ndiponso itatambasuka, kenako kuyeza pakati pa mabawuti ake awiri galimoto itakhala pansi. Ekiselo iyenera kugunda bump stop shoko isanafike pothera pake, apo ayi shoko ndiyo imasanduka bump stop ndipo imafa msanga.

Pali chinthu china chokhudza malimu a inchi 13 chimene tisachiiwale. Mabuloko aatali amatsitsa puleti ija ndi nsonga za ma U-bolt kufupi ndi nthaka. Tayala likaphulika galimoto imakhala pa limu, ndipo ngati nsonga za mabawuti zili m'munsi kuposa m'mphepete mwa limu, ndizo zimayamba kukumba msewu galimoto ikuthamanga. Ndi limu ya inchi 15 mwina mukupulumuka, koma ndi ya 13 pamodzi ndi mabuloko a mainchi 3 mungathe kugwa m'vuto limeneli. Choncho zinthu ziwirizi ziyendere limodzi: mukachepetsa limu, chepetsaninso mabuloko, mugule ma U-bolt atsopano a msinkhu woyenera, ndipo mudule nsonga zotsalira. Mabuloko akhale ndi kachitsulo kolowa pa bawuti ya pakati pa malifi kuti ekiselo isasunthe, ndipo musasanjikize awiri.

Champ_wa_Nchalo:
Ndaona, yamangidwa pa puleti ya pansi pa malifi. Koma ya kumanja yanyowa ndi mafuta, ndipo nditaimasula ndimatha kuikankha ndi dzanja popanda kulimbana nayo.

Sipanala17:
Imeneyo yafa, musinthe zonse ziwiri pamodzi, za msinkhu wa ku fakitale. Pa funso lanu loyamba lija la gasi, yankho ndi ili. Shoko imagwira ntchito pokankha mafuta kudutsa m'timabowo, ndipo mphamvu ya kugwedezeka imasanduka kutentha. Pa msewu wadothi wa makwinya, dzuwa la kuno likuswa mtengo, mafuta amatentha n'kuchita thovu, ndipo shoko imaleka kugwira. Gasi wa nitrogen amene amaikamo amapanikiza mafutawo kuti asachite thovu msanga. Choncho mashoko a gasi ndi abwino kuchigwa kuno, koma sankhani wamba opangidwira galimoto yopepuka. Olembedwa heavy duty kapena sport adzaumitsa kumbuyo kumene kuli kale kouma.

Hilux_ya_Muona:
Ine yanga ndi Hilux yakale ya mawilo awiri oyendetsa, ndipo kutsogolo ili ndi ma torsion bar (ndodo zachitsulo zimene zimapotokola) m'malo mwa masipuling'i ozungulira. Kutsitsa kwake n'kosavuta, umangomasula bawuti yosinthira, ndipo anyamata ambiri amamasula mpaka mkono wa m'munsi utakhalira labala. Kuuma kwa chitsulocho sikusintha, koma kugunda kumakhala kofanana ndi kwa achimwenewa chifukwa mpata watha. Ndikunena izi kutsimikizira mawu a Sipanala17, kuti vuto ndi limodzi ngakhale galimoto zisiyane.

Kwa amene ali ndi ma Hilux pagulu pano ndiwonjezere chenjezo. Kumbuyo kuli valavu ya buleki yolumikizidwa ku ekiselo ndi kachitsulo kakatali, imene imazindikira kulemera kwa katundu poona momwe thupi la galimoto latsikira. Mukatsitsa galimoto osaisintha, valavuyo imaona ngati mwasenza katundu wambiri ndipo imapereka mphamvu yochuluka ku mabuleki akumbuyo, ndiye mawilo amagwira n'kutsetsereka galimoto ili yopanda kanthu. Pa msewu wa ku East Bank wochokera ku Thabwa kudzera ku Livunzu ndi Masenjere, pamene pali mchenga ndi timiyala, zimenezi zimatembenuza galimoto. Ine ndinasiya yanga pa msinkhu wake, popeza timitsinje totsika m'mapiri a Thyolo sitilola masewera.

Mlimi_wa_Thonje:
Apo mwanena, achimwene a ku Muona. Anthu aiwala msanga zimene namondwe wa Ana anachita mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, pamene milatho inakokoloka ndipo ngakhale pa M1 anthu ankadutsa m'njira zapambali zamatope. Masiku amenewo galimoto yotsika inali yongoimika pakhomo. Mvula ibweranso, ndipo mitsinje ya Mwanza ndi Lalanje siifunsa kuti malimu anu ndi a inchi zingati.

Agogo_a_404:
Madzi a Freddy sanasankhe, bambo, anaimitsa ndi malole omwe. Koma mfundo yanu ili ndi phindu pa nkhani yathuyi. Mwana wanga wa ku Nchalo, yezani kuchokera pansi kufika pa sampu ya injini ndi pa ekizozi, chifukwa hampu imodzi yomangidwa mokwera ingathe kuboola sampu, mafuta n'kutha inu osadziwa. Ikani puleti yotchinga pansi pa injini. Ndipo mukadutsa m'madzi amatope, tsukani malifi ndi mabuleki akumbuyo, chifukwa matope a kuno akauma amagwira zolimba, monga anenera mayi a ku Bangula.

Aphunzitsi_a_Sayansi:
Tibwerere kutsogolo kwa galimoto, chifukwa pali chifukwa china chosatsitsira mopitirira. Mkono wa m'munsi umene umagwira strut unapangidwa kuti uzikhala wogona kapena wopendekera pang'ono pansi cha ku wilo. Galimoto ikatsika kwambiri mkonowo umaloza m'mwamba, ndipo tie rod (ndodo yokhotetsa wilo) nayo imapendekeka. Zikatero wilo likakwera pa bampu limakhotanso lokha pang'ono, ndipo woyendetsa amamva chiwongolero chikugwedezeka m'manja. Galimoto imayambanso kupendama kwambiri pa kona ngakhale ili yotsika, chimene chimadabwitsa ambiri. Kukweza ndi inchi imodzi kuja kumachepetsa vutoli, ndipo amene akufuna kutsikabe amaika kachitsulo kochindikala pakati pa strut ndi mkono wa chiwongolero kuti mkono wa m'munsi ubwerere pogona. Ntchito ikatha, kapimitseni alaimenti, apo ayi matayala atsopanowo adzadyeka m'kati.

Sipanala17:
Ndiwonjezere za mabushu, popeza mumasula kale zonsezi. Ogulitsa adzakuuzani kuti a polyurethane, ofiira kapena achikasu aja, ndi abwino chifukwa amakhalitsa. Amakhalitsadi, koma ndi ouma, amabweretsa kunjenjemera konse m'kabini, ndipo m'fumbi amalira. Pa galimoto imene mukufuna kuti ifewe, ikani a labala, makamaka m'maso mwa malifi ndi pa ndodo zogwira mkono wa m'munsi kutsogolo. Mabawuti a mabushu a labala amamangidwa komaliza galimoto itatsitsidwa pa jeke n'kukhala pa matayala ake. Akamangidwa mawilo akulendewera, labala amakhala wopotoka nthawi zonse, galimoto imauma ndipo bushu limang'ambika msanga. Amisiri ambiri othamangira ntchito ina amadumpha zimenezi, choncho mukhalepo nokha pomanga. Ma bump stop musawachotse ngakhale wina akuuzeni kuti mupeza mpata. Gulani aafupi ndi ofewa, osongoka kunsonga, amene amayamba kugwira pang'onopang'ono.

Champ_wa_Nchalo:
Ndabwera ndi zotsatira za mbali imodzi. Mabuloko tsopano ndi a inchi ndi theka, ma U-bolt ndi mashoko akumbuyo ndi atsopano, malifi atsukidwa, ndipo mnzanga wandibwereka malimu a inchi 13 okhala ndi 175/70 kuti ndiyesere ndisanagule anga. Kumbuyo kwasiya kugunda, ndipo kunjenjemera kumene ndinkamva pansi pa mpando ponyamuka kwachepa, chimene sindinkayembekezera. Kutsogolo sikunasinthe kwenikweni, ndipo pakali pano mphuno yaloza pansi kwambiri chifukwa kumbuyo kwakwera. Ndapeza munthu ku Limbe amene ali ndi masipuling'i a kutsogolo ochotsedwa pa galimoto ina, koma akuti sakudziwa bwino ngati ndi a 1400 kapena a Datsun 1200 ya saluni. Ndiwatenge?

Hilux_ya_Muona:
Kunjenjemera kwachepa chifukwa mabuloko aatali amapatsa ekiselo mphamvu yopotokola malifi ponyamuka, ndipo mphuno ya difu imadzuka n'kusokoneza kagonedwe ka propshaft (chitsulo chozungulira chopereka mphamvu ya injini ku difu). Mwawafupikitsa, ndiye kupotokolako kwachepa. Ngati kwatsalako, pimitsani ma universal joint (zolumikizira za propshaft).

Sipanala17:
Musatumize ndalama musanawaone. Pitani ndi sipuling'i yanu imodzi ngati chitsanzo, chifukwa ngakhale inadulidwa, kunenepa kwa waya ndi kukula kwa bwalo lake sikunasinthe. Yezani waya ndi vernier (chida choyezera kunenepa kwa chitsulo), muone ngati bwalolo likukhala bwino pa mpando wa strut, ndipo muimike masipuling'i awiriwo pansi posalala kuti muone ngati ndi ofanana msinkhu. Yang'anani nsonga zake: ya ku fakitale imathera mwadongosolo, pamene yodulidwa ndi grinder imaoneka. Mukaona malo osintha mtundu kapena mizere yoyandikana mosiyana ndi inzake, dziwani kuti inapita pamoto, isiyeni. Ya dzimbiri lokumba timaenje nayonso isiyeni.

Mukawaika athunthu, galimoto idzakwera kutsogolo kuposa momwe mukufunira. Musawadule. Yendani nayo choncho kaye kuti mumve momwe kutsogolo kumayenera kuyendera, kenako ngati mukufunabe kuitsitsa, mmisiri atsitse mpando wa sipuling'i pa strut ndi inchi imodzi, atayeza kuti sukhudza tayala la 175/70 lija. Pomasula mutiuzenso ngati ma strut anu ali ndi insert kale kapena akadali amafuta a ku fakitale, chifukwa strut imene yakhala ikugunda pothera nthawi yaitali chotero kawirikawiri imakhala itawonongeka valavu ya pansi, ndipo masipuling'i abwino pa strut yakufa adzangokupatsani kudumpha m'malo mwa kugunda.